Kutsika Chowe ndi Chikhodzodzo Chowawa

Ndinatuluka m'nyumba 5 koloko m'mawa itangokwana, Lachinayi lina la mwezi wa Okotobala, kukhosi kuli gwaa. Madzi ndinali nditamwa komaliza dzulo lake masana. Sikuti mumtsuko munalibe, ayi, unali wodzaza mpaka kukamwa. Koma aliyense amene anakwerapo minibasi ali ndi chikhodzodzo chonga changa amadziwa lamulo lake: ukafuna kuyenda mawa, leka kumwa lero.

Ndimaphunzitsa sitandade 4 pasukulu ina ya pulayimale kuseri kwa Namwera, kufupi ndi malire a Mozambiki. Kwathu ndi ku Ntcheu, kuno linandiponya ndi boma. Chino n'chaka chachitatu ndikumva ululu pansi pa mchombo. Mkodzo ukangoyamba kudzadza, m'kati mumawotcha ngati wina wasinjiramo tsabola. Ndikataya madzi ululu umatsika, koma pakatha mphindi makumi awiri kapena atatu wayambiranso. Phunziro limodzi ndimatuluka kawiri. Ana anazolowera, moti ndikangoika choko pansi amayamba okha kuimba mataimusi mpaka nditabwerako. Amene sanazolowere ndi ahedi.

Ahedi athu si munthu woipa, kungoti aona zambiri. Mphunzitsi wochokera boma lina akafika kumudzi kuno, chaka sichitha asanadwale. Wina mphumu, wina msana, wina kuthamanga kwa magazi, ndipo matenda onsewo mankhwala ake amakhala amodzi, thiransifa yopita kutauni. Ndiye ine ndikamati chikhodzodzo, iwo amamva Ntcheu. Choipa n'chakuti buku langa lakuchipatala linkawaikira kumbuyo. Chiyambireni ululuwu, kasanu konse anandiyeza mkodzo, kasanu konse analemba kuti mulibe kanthu. Mankhwala a likodzo ndinamwa katatu, makapisozi sindiwerenga. Sabata yapitayo ahedi anandiitanira mu ofesi n'kundiuza mwaulemu wawo kuti makolo akudandaula, ndipo ndikapanda kubweretsa kalata ya dokotala yotchula matenda teremu isanathe, alemba lipoti kwa alangizi a maphunziro kuti ndimathawa m'kalasi. Ndinatuluka muofesimo manyazi ndi mkwiyo zikulimbirana malo.

Namwino wa pachipatala chathu chaching'ono ndi amene anandinong'oneza kuti Lachinayi limenelo kubwera dokotala wa za chikhodzodzo kuchokera ku Blantyre, pachipatala china cha m'mbali mwa nyanja kupitirira boma la Mangochi, ndipo amangobwera kamodzi pakatha miyezi ingapo. Ulendo wanga unali wokatenga kalata basi. Za kuchira sindinaziganize n'komwe, mtima wonse unali papepala.

Pamsewu ndinapeza Che Bwanali akundidikira ndi njinga yawo yamoto. Ndi bambo achikulire, makolo awo anawoloka malire nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo ndi iwo amene amandinyamula ndikamapita ku Namwera.

"Ajimwiche uli, aphunzitsi?"

Ndinawayankha m'Chichewa, poti Chiyao changa chimathera pa moni. Mtengo tinali titagwirizana kale, K3,000. Msewu wake ndi wafumbi, wamabampu ngati malata, ndipo bampu lililonse ndinkalimva pansi pa mchombo lisanafike kumsana. M'madimba anthu anali atayamba kale kuthirira nazale za fodya, makheni awiriawiri, madzi akuwala padzuwa longotuluka. Ndinayang'ana kumbali. Titafika pachigafa china chakale cha m'mbali mwa msewu, Che Bwanali anaimitsa njinga ndisanawauze, n'kuyamba kuyang'anitsitsa tcheni ngati chavuta. Amatero nthawi zonse pamalo omwewo, ndipo sitinayambe takambiranapo za nkhaniyi.

Pa Namwera tinafika 6 koloko itapitirira pang'ono. Minibasi yopita kuboma inali itaima kale, m'kati muli anthu asanu ndi mmodzi, atatu mwa iwo oitanira ongokhalamo kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kudzadza. Ndinalipira K6,000 n'kusungitsa mpando wapafupi ndi chitseko poikapo chitenje. Apa ndiye pamafunika masamu amene sitiphunzitsa kusukulu. Ukapita kuchimbudzi msanga, wangotaya ndalama, chifukwa galimoto idzanyamuka utadzazanso. Ukachedwa, ubwerako wina atakhala pachitenje chako. Ine ndinapita katatu kuchimbudzi cholipiritsa cha kuseri kwa msika, K200 ulendo umodzi, ngakhale zotuluka zake zinali timadontho takuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ulendo wachitatu mayi wapakhomo anandibwezera ndalama.

"Lowani, mwakhala kasitomala."

Tinanyamuka 8 koloko isanakwane, titathithikana anayi pampando wa anthu atatu. Kumanzere kwanga kunali mayi achikulire ovala mpango woyera, anandiuza kuti ndi Abiti Mdala, akupita ku Lungwena kukaona mdzukulu wongobadwa kumene, nanenso ndinawauza kuti ndine mphunzitsi. Kumbuyo kunali bambo wa geni ya usipa amene madengu ake anawamangirira kunja, koma fungo lake anakwera nalo. Bamboyu anali atandiona ndikuyendera kuseri kwa msika, ndiye galimoto isanathe n'komwe nyumba za pa Namwera anandigwira paphewa.

"Mayi, musavutike n'kupita kutali. Limenelo ndi likodzo. Mapiritsi aakulu aja, anayi, mawa mwadzuka bwino."

"Ndinamwa katatu, bambo."

"Ndiye munamwa muli ndi njala. Amafuna mutadya."

Kuno ku Mangochi aliyense ndi dokotala wa likodzo, ndipo sindiwada nazo, poti ambiri anakodzapo magazi ali ana n'kuchira ndi mapiritsi omwewo. Vuto n'lakuti munthu akadziwa matenda amodzi a malo amenewo, safunanso kumva za ena. Ndinangoti zikomo.

Amene simunatsikepo phiri la Chowe, dziwani kuti msewu wake ndi wa phula, wabwino, koma umakhotakhota ngati wasokonekera mutu. Kumanja phiri, kumanzere phompho, kenaka n'kusinthana. Dalaivala ankaponda buleki pakona iliyonse, ndipo buleki iliyonse inkandikankhira kutsogolo, chiuno cha siketi n'kundidinda pomwe pamawawa. Pansi patali pankaoneka chigwa chonse chili mbuu ndi utsi, mtsinje wa Shire ukung'anima pakati. Ena amajambula ndi mafoni. Ine ndinkawerenga makona, ndipo nditafika pa khumi ndi iwiri ndinadziwa kuti sindifika kumunsi.

"Akondakitala, pepani, tandiimitsireni ndikataye madzi."

"Mayi, tangonyamuka kumene. Kuno n'kotsetsereka, galimoto siima."

"Pirirani mpaka pamlatho," anawonjezera wina kumbuyo. "Tonsefe tili ndi zikhodzodzo."

Thukuta linali kamukamu. Koma Abiti Mdala anandiyang'ana kumaso, kenaka m'manja momwe ndinagwirira mpando, n'kutembenukira kwa kondakitala. Zimene ananena m'Chiyao sindinazimve, ndinangomva kulemera kwake. Sanakweze mawu. Pakona yotsatira dalaivala anapeza malo oimira amene poyamba kunalibe.

Mu Okotobala tchire la pa Chowe limakhala litapsa. Palibe udzu, palibe chitsamba chamasamba, pali miyala ndi phulusa basi. Ndinaima m'mbali mwa msewu osadziwa kolowera. Abiti anatsika pang'onopang'ono, mawondo akuwavuta, anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kuchitambasula pakati pa ine ndi galimoto, nkhope atayang'ana kuphiri. Zimene ndinataya sizikanadzaza chivindikiro cha botolo, koma zinawotcha mpaka ndinaluma mlomo. Nditadzuka ndinaona amuna asanu atandandalika tsidya lina la msewu, akuthirira phulusa mosatekeseka. Woyamba pamzerewo anali uja wonena kuti tonse tili ndi zikhodzodzo.

Titabwerera m'galimoto Abiti anatulutsa botolo la madzi m'chikwama n'kundipatsa. Ndinapukusa mutu.

"Mwamanga, aphunzitsi? Ramadani inapita kale, komanso inu ndi a ku tchalitchi."

"Ndikamwa ndiimitsanso galimoto, mayi."

"Galimoto ndi chitsulo, sikwiya."

Sindinamwe. Iwo anatsikira pamphambano ya msewu wa ku Lungwena, kumunsi kwa phiri, kumene anyamata a kabaza anawathamangira ngati abweretsa malipiro. Ananditsanzika pogwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri, ndipo sindinawaonenso.

Tinawoloka mlatho wa pa Shire 9 koloko itadutsa. Pansi amayi amachapa, ana akusambira, ndipo bambo wa usipa anandikodola n'kundilozera ngati akundionetsa umboni. Kutentha kwa kuboma n'kwina. Kwathu kumtunda m'mawa timafunda, koma kuno dzuwa limakutsikira pamutu ngati uli nalo mlandu. Pa depoti paliponse pali chomwera: madzi ozizira a m'timapepala, thobwa wa m'mabotolo, mafirizi ofiira ndi achikasu. Ndinagula chinangwa chophika cha K500, koma chinakana kutsika kukhosi kouma, ndinachikulunga n'kuchiika m'chikwama.

Kuchokera pa depoti ndinakwera kagalimoto kakang'ono kaja ka anthu asanu ndi awiri kamene timakwera khumi, K3,500, msewu wa ku Monkey Bay. Njira imeneyi ndi yosalala, yodutsa m'milambe ikuluikulu ndi migwalangwa, m'mbali muli mikeka ndi zipewa zogulitsa, ndi zikwangwani za malo ogona alendo zojambulidwa anthu akumwetulira ndi matambula m'manja. Nyanja inkangosuzumira mwa apo ndi apo kuseri kwa mipanda. Mutu unali utayamba kugunda. Ndinatsika pachipata cha chipatala hafu pasiti teni.

Pakhonde la dokotalayo panali anthu oposa makumi atatu, ambiri abambo okalamba. Ena anali ndi timapaipi totuluka m'buluku, thumba la mkodzo atalibisa m'jumbo. Azimayi tinalipo atatu. Namwino wina wamfupi, woyenda mofulumira ngati pansi pakutentha, anatenga buku langa n'kulengeza kwa tonse kuti adokotala anyamuka 3 koloko yeniyeni, wotsala adikire ulendo wina. Kenaka anandipatsa kabotolo.

"Mkodzo ufike pamzere apa, mupite nawo ku labu. Mukatero mumwe madzi, adokotala akufuna sikani chikhodzodzo chili chodzaza."

Ndinalowa m'chimbudzi ndi kabotoloko. Ine amene ndataya madzi kuseri kwa chigafa, kuseri kwa msika ndi paphiri lopsa, tsopano atandipempha mwaulemu, ndinatulutsa madontho asanu ndi awiri. Ndinawawerenga. Bambo wa ku labu anakweza kabotolo kukuwala, anakapendeketsa, n'kundibwezera.

"Madzi mwamwa liti?" anafunsa namwino.

"Dzulo masana."

Anapumira m'mwamba. "Nonse ochokera kumtunda mumachita zomwezi. Mumabwera kudzayezetsa mkodzo mutausiya kunyumba. Mpopi uli apo. Imwani lita yathunthu, ndipo musataye mpaka ndikuitaneni."

Musataye. Zaka zitatu ndikuuza anthu kuti chimenecho ndiye chimene sindingathe, ndipo lero kalata yanga yagona pomwepo. Ndinamwa pampopi ndi manja, kenaka ndi botolo lobwereka, madzi ofunda onunkha chitsulo, koma sindinamwepo okoma chotero. Ndinakakhala pabenchi pafupi ndi agogo ena ovala kofia, a kapaipi, amene anali atamva zonse.

"Mwanangu, ine sizituluka, inu sizikhala. Akanatiphatikiza n'kutigawa pakati, tonse tikanapita kwathu."

Ndinaseka, ndipo kusekako kunandipweteka. Mphindi makumi awiri zoyamba ndinapirira. Kenaka ndinaimirira, ndinakhala, ndinayenda mpaka pamtengo wa nimu n'kubwerera. Ndinanena Atate Wathu, ndinanena mataimusi a seveni. Pofika mphindi makumi anayi ndinali nditagwira chipilala cha khonde, misozi ikungotsika yokha pamaso pa abambo onsewo, ndipo ndinalibenso mphamvu zochitira manyazi. Agogo aja ndi amene anakodola namwino ndi ndodo yawo.

Dokotala anali mayi wa zaka za m'ma fifite, imvi zitayamba m'mbali, maso ofiira ngati nayenso anadzuka kusanache. Anandigoneka, anandipaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo kawo, maso ali pakanema.

"Mwati mwadzaza?"

"Ndiphulika, adokotala."

"Muli mkodzo wosakwana kapu ya tiyi."

Ndinamva ngati andimenya mbama. Ndinati basi, nawonso aona kuti ndikunama. Koma iwo sanayang'ane ine, analemba kanthu papepala n'kundiuza kuti ndithamange, ndisaiwale kabotolo.

Zotsatira za ku labu zinatuluka 2 koloko. Panthawi yodikirayo ndinadya chinangwa chija ndipo ndinayendera chimbudzi kasanu, poti lita ija inali itapeza njira. Nditalowanso, adokotala anawerenga kapepalako mokweza: mulibe mazira a likodzo, mulibe mafinya, mulibe magazi, mulibe shuga. Mkodzo woyera. Anthu ena akamva mawu amenewa amathokoza Mulungu. Ine ndinayamba kupinda chitenje changa.

"Ndiye kachisanu ndi chimodzi," ndinatero. "Pepani ndakutayitsani nthawi."

"Khalani pansi, mayi. Ndimayembekezera zomwezo."

Anandifunsa mafunso amene palibe anandifunsapo. Kodi ululu umakula chikhodzodzo chikamadzaza n'kutsika ndikataya? Usiku ndimadzuka kangati? Ndikamwa tiyi kapena kudya tsabola zimakhala bwanji? Nanga ndikatsala pang'ono kupita kumwezi? Ndinayankha zonse mosaganiza, ngati mwana amene mayeso amugwera pomwe anawerenga. Ndinawauzanso kuti chaka changa choyamba kuno ndinakodzadi magazi, atandiyeza anapeza likodzo, ndinamwa mankhwala magaziwo n'kusiya. Ululu uwu unayamba patapita miyezi.

"Tamverani," anatero, akujambula kathumba kuseri kwa pepala. "M'kati mwa chikhodzodzo muli kachikopa koterera kamene kamatchinga kuti mkodzo usakhudze mnofu. Mkodzo ndi waukali, mukudziwa m'mene umasupulira mwana thewera likachedwa kusinthidwa. Mwa anthu ena kachikopa kameneka kamapyapyala, mkodzo n'kumalowerera. M'khoma la chikhodzodzomo mumakhala asilikali a chitetezo cha m'thupi. Akakhudzidwa amayesa kwabwera mdani, ndiye amatulutsa timadzi tochenjeza. Timadzi timeneto ndi mauthenga. Tina timaitana asilikali ena kuchokera m'magazi, tina timatupitsa khoma, tina timapita ku mitsempha yomvera ululu kukaiuza kuti ikhale tcheru. Mtsempha ukakhala tcheru nthawi yaitali umayamba kukuwa ndi kanthu kakang'ono, ngakhale theka la kapu. Ndipo nawonso umatulutsa timadzi take tobwerera kwa asilikali aja, kuwadzutsanso. Uyu adzutsa uyo, uyo adzutsa uyu. Ku labu kuja amafufuza mdani. Mauthengawa sawaona."

Poti uphunzitsi sutha, ndinawauza za njoka imene inagwa kuchokera kudenga m'kalasi ya sitandade 2 chaka chatha. Mwana mmodzi anakuwa, kalasi yoyandikana inamva kukuwako n'kuyamba nayo, mpaka sukulu yonse inathamangira pazitseko. Njokayo sinalume munthu, inatulukira pawindo. Koma ana atatu tinapita nawo kuchipatala atapondana pakhomo, ndipo kwa mwezi wathunthu lamba akangogwa pansi zonse zinkayambiranso.

"Ndi zimenezo," anatero adokotala. "Kungoti kwa inu mweziwo sunathe."

"Ndiye njoka yanga inali likodzo lija?"

"Mwina. Mazira ake amatha kutsalira m'khoma atafa kale, thupi n'kumalimbana nawobe. Mwina anali matenda ena a m'njira ya mkodzo amene anatha kalekale. Ena amadwala chonchi popanda chimene chinayambitsa. Sindikunamizani kuti tikudziwa zonse, madokotala tikadatsutsanabe, ndipo si odwala onse amene zimayenda mofanana. Ndikufuna mubwere ku Blantyre tidzasuzumire m'kati ndi kamera, titsimikize kuti mulibe chotupa kapena china chobisala. Koma makapisozi aja lekani, mukuthira mankhwala a mbewa m'nyumba mopanda mbewa. Ndipo kudzimana madzi kumene mwachitaku n'koipa kuposa zonse. Mkodzo ukachepa umakhala waukali kwambiri, ndiye mwauthira pabala tsiku lonse."

Ndinakumbukira botolo la Abiti Mdala ndipo ndinachita manyazi ndekha. Anandilembera mankhwala amitundu iwiri, ena omwa pogona oziziritsa mitsempha ija, ena onga a ziwengo oti asilikali aja achepetse mauthenga. Anati masiku oyamba ndizidzuka ngati ndalawa kachasu, ndisadabwe. Madzi ndizimwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Tsabola, mandimu, zakumwa za gasi ndi tiyi ndisiye kwa mwezi, kenaka ndiziyesa chimodzichimodzi kuti ndione chimene chimandiputa. Zinazo sindinadandaule, koma tiyi anandiwawa. Mphunzitsi wa kumudzi ukamulanda tiyi wamusiyira chiyani?

Apo m'pamene ndinatchula za ahedi ndi lipoti lawo. Adokotala anayang'ana wotchi, panja panali patatsala abambo asanu ndi mmodzi, koma anakoka pepala la chidindo n'kulemba mizere isanu ndi iwiri. Analemba dzina la matendawo, lalitali, lachingerezi, n'kundimasulira kuti ndi ululu wa chikhodzodzo wokhalitsa. Analemba kuti ndiyenera kuloledwa kutuluka nthawi iliyonse ndikafuna. Chidindo chitagunda patebulo, mtima wanga unagunda nacho. Ndinathokoza kawiri, katatu, ndinaika kalatayo pakati pa buku, buku m'jumbo, jumbo m'chikwama.

Ndili pakhomo anandiitana. "Mayi, simunandifunse ngati muchira."

"Ndichira, adokotala?"

"Ambiri amapezako bwino. Ululu umatsika, nthawi zina umasowa miyezi, n'kubweranso. Koma zoti udzatheratu sindingakulonjezeni."

Ndinati zikomo ngati andiuza mtengo wa tomato. Ndinali ndi kalata.

Pobwerera ndinafika pa depoti ya kuboma 4 koloko isanakwane. Ndinagula botolo la madzi, ndipo ndisanakwere ndinamuuziratu kondakitala, anthu onse akumva, kuti ndili ndi vuto la chikhodzodzo, ndiimitsa galimoto kawiri, ngati sakufuna ndikwere ina. Anandiyang'ana ngati ndamulankhula Chipwitikizi, kenaka anati, "Bola mwanena, mayi." Anaimadi kawiri, kamodzi tisanayambe kukwera Chowe, kenanso titafika pamwamba, ndipo ulendo uno amene ananditchingira ndi chitenje anali mtsikana wina wobereka mwana. Pokwera phiri minibasi inkalira ngati ng'ombe yokoka ngolo yamchenga. Ndinkagwiragwira chikwama kuti ndimve ngati kalata ikadalimo. Ndinali nditatopa mpaka m'mafupa, koma m'mutu ndinkangoyeserera m'mene ndikaiikire patebulo la ahedi.

Che Bwanali ndinawapeza pa Namwera atangotuluka mumzikiti. Tinaima pachigafa paja monga mwa masiku onse, ndipo tinafika pasukulu kusanade kwenikweni. Sindinapite kwanga. Nyumba za aphunzitsi zili mumzere umodzi, ya ahedi ili kumapeto, ndipo ndinawapeza pakhonde akuchonga makope, magalasi ali pamphuno.

Anawerenga kalatayo kawiri. Ulendo wachiwiri ankayendetsa chala mzere ndi mzere, ndipo ndinadziwa mawu amene ankawafuna.

"Za thiransifa sanalembe?"

"Sindinapemphe, ahedi."

Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso. Anayesa kutchula dzina la matendawo, linawakanika pakati, anangolisiya. Kenaka anati, mawu atatsika, "Madamu, mundikhululukire. Ndimayesa ndi zija timazidziwazi."

Zaka zitatu ndinkalota mawu amenewo. Ndinkaganiza kuti ndikadzawamva ndidzapepukidwa, mwina ndidzayankha kanthu kobaya kamene ndinakakonza kalekale. Koma ndinangomva kutopa, ndi kuwotcha kuja kukuyambiranso pansi pa mchombo. Ulendowu unandiphunzitsa chinthu chimene bwenzi nditachidziwa ndisananyamuke: ndinavutikira tsiku lonse kuti ndipambane mlandu, osafunsa kuti wopambana amapita ndi chiyani kunyumba. Ndinapita kukafuna umboni woti ndikudwala, ndipo anandipatsa, wadzina ndi chidindo.

Ahedi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala la kagawidwe ka makalasi. Anati kuyambira Lolemba sitandade 4 isamukire chipinda chakumapeto chija, choyandikana ndi zimbudzi, sitandade 6 ibwere kwathu. Anasolola pensulo kukhutu, poti zosintha zakanthawi amalemba ndi pensulo kuti adzafufute.

"Ndiye tilembe mpaka liti, madamu? Teremu ino yokha, kapena mpaka mutamaliza mankhwala?"

Apo m'pamene mawu a adokotala a pakhomo paja anandipeza, atayenda okha kuchokera kunyanja, kukwera Chowe yense. Ndinakhala pansi pa sitepe ya khonde.

"Lembani ndi bolopeni, ahedi."